Kaduwa ka M'kabokosi ka Machesi

Mpango uja unali utakhala pa bokosi la mbale kuyambira tsiku lomwe azakhali ake a Prokopi, mnyamata wofunsira Taya, anausiya, ndipo Taya ankaulambalala ngati galu woluma. Unali wofiira, wa mphonje zazitali, wogula ku tauni ya Vorkuta. Pamsasa wa oweta mphalapalawo panalibe amene sankadziwa tanthauzo lake. Mtsikana akafuna kukana, mpango umabwezedwa kwa eni ake msasa usanasamuke. Ukangokwera nawo pa chileyi, basi, nkhani yatha, ayambe kusoka zaukwati.

"Suluma," anatero a Agafya, mayi ake, akupala chikopa pabondo. "Taugwira. Umve kulemera kwake. Mpango wotere munthu sagulira wongocheza naye."

"Ndauona, Amayi."

"Wauona ndi maso. Ine ndati ugwire."

"Madzi atha, Amayi."

"Madzi atha, madzi atha. Ndikangoyamba nkhaniyi madzi amatha. Chumu chino chikanakhala chikumwa madzi onse amene iwe umatunga, bwenzi tikuyandama."

Taya anatenga ndowa, nawerama pa khomo la chumucho, hema lawo la zikopa, natuluka.

Vuto la mtsikanayu linali limodzi, ndipo linali ndi dzina: Nikandr. Chilimwe chathachi anabwera ndi anzake a ku mzinda wa Syktyvkar, anthu ophunzira za zomera, nakhoma matenti awo pafupi ndi msasa. Mwamuna wamtali, wowonda, magalasi omanga ndi ulusi, nkhope yotupa ndi udzudzu. Mphalapala analibe ndi imodzi yomwe. Kuponya chingwe sankatha. Tsiku lonse ankangokwawa ndi mawondo, matako m'mwamba, kusuzumira timaudzu toti ngakhale mphalapala yanjala sinunkhiza. Kuti Taya anamukondera chiyani, palibe akudziwa. Koma anamukonda, ndipo chaka chinali chitazungulira asanamuonenso.

*

Kuseri kwa msasa kunali kadambo komwe chipale chimachedwa kusungunuka. Pamenepo ndi pomwe ankatunga. Anaika ndowa pansi, nagwada. M'khosi mwake, mkati mwa malaya, munali kachingwe, ndipo pa kachingweko panali kagalasi kokulitsira zinthu kamene Nikandr anamusiyira.

Krupka inali itaphuka m'mphepete mwa madzi. Kaduwa kake n'kochepa kuposa chikhadabo cha khanda, timasamba tinayi toyera, kaphesi kotalika ngati kamtengo ka machesi. Anthu a mphalapala amaiponda moyo wawo wonse osaiona. Nayenso Taya ankaiponda, mpaka tsiku lomwe Nikandr anamugwira mkono.

"Pepani, mwatsala pang'ono kupha munthu," anatero tsiku limenelo.

"Munthu uti?"

"Uyu." Analoza pansi pa nsapato ya Taya. Kenako anatulutsa m'thumba kaduwa kena, nakaika pambali pake. "Tandiuzani. Amenewa ndi amodzi?"

"Ndi amodzi. Oyera onse, achabechabe onse."

"Onani bwino." Anamupatsa kagalasi. "Ayi, osati choncho. Kagalasi kakhale padiso, duwa ndi lomwe libwere kwa inu."

Kuti amuonetse anayenera kuyandikira, ndipo anayandikiradi. Taya anamva fungo la utsi ndi la mankhwala a udzudzu. Poyamba sanaone kanthu. Kenako tsamba linaonekera, lalikulu ngati chikhatho. La pamadzi linali lobiriwira, losalala, ubweya uli m'mbali mokha ngati nsidze, kaphesi kali mbulanda. La m'thumba lija linali lotuwa, lodzaza ubweya tsamba lonse mpaka kuphesi, ndipo kaubweya kalikonse kanali ndi nthambi zake kumbali zonse.

"Nyenyezi!" anafuula Taya.

"Eya, nyenyezi. Yotuwayi imakhala pamwamba, pamiyala youma, pomwe mphepo imasesa chipale chonse. Nchifukwa chake imavala malaya. Yobiriwirayi imakonda pansi, ponyowa, pobisika. Ndi pachibale, koma sizigona nyumba imodzi. Ndipo zonse ziwiri ndi abale ake a kabichi ndi mpiru."

A Agafya atamva za kabichizo, anafunsa funso limodzi: "Ndiye tiphike?" Atauzidwa kuti sidyedwa, anamuchotsa Nikandr m'gulu la anthu.

Kuchidikha kuno foni sigwira. Kalata imawerengedwa ndi woyendetsa galimoto, mkazi wake, ndi msasa wonse isanafike kwa mwini wake. Nikandr zimenezi ankazidziwa. Tsiku lotsanzikana, atavala chipewa chaubweya cha mizere yofiira chomwe Taya anamulukira mobisa, anati:

"Chaka chamawa atitumiza ku zitunda za Pai-Khoi. Ndikafika, ndidzakutumizira yotuwa m'kabokosi ka machesi. Ukadzaiona, udziwe kuti ndili pachitunda, ndikudikira. Udzabwere, titsike limodzi kukaonana ndi amayi."

"Nanga ukapanda kufika?"

Anayamba wapukuta magalasi, ngakhale anali oyera.

"Moyo wa m'tauni uli ndi zambiri, Taya. Zikadzavuta, sindidzakusiya ukudikira pachabe. Ndidzatumiza yobiriwira. Ukadzaona imeneyo, usadzandidikire."

"Usadzayerekeze."

"Sindidzayerekeza."

Chisanu chonse Taya anakhala ndi mawu amenewo. Ankawatenga popita kotunga, ankagona nawo. Dzuwa litabwerera pambuyo pa mdima wa chisanu, khutu lake linkamva injini ngakhale pomwe panali mphepo chabe.

*

"Ukupemphera, kapena wataya singano?"

Anali Prokopi, chingwe paphewa, nsomba zili lende pakamtengo. Anakulira limodzi ndi Taya, anaphunzira sukulu yogonera imodzi. Mwamuna wolimba, wa mphalapala zakezake, wosamwa mowa. Tinene zoona, analibe cholakwa chilichonse, kupatula kuti sanali Nikandr.

"Ndikutunga madzi."

"Ndi diso? Ndowa ili apo, youma gwa." Anakhala pamwala. "Mpango wanga uli bwanji? Mukuupatsa chakudya?"

"Uli pabokosi. Wakusowa. Ukufuna kubwerera kwawo."

Prokopi anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira.

"Taya, munthu wako wa maluwa uja. Helikopita yawo inadutsa kalekale, tonse tinaimva. Akanakhala kuti akukufuna, bwenzi atafika ngakhale chokwawa. Kukwawa ndiye amatha."

"Atumiza uthenga."

"Uthenga!" Anaika nsomba pa ndere. "Ine sinditumiza uthenga. Ine ndimabwera ndekha, ndi miyendo yanga, ndipo sindibwera chimanjamanja. Izi ukapatse amayi. Ndipo udziwe, akuluakulu akuti msipu watha. Tisamuka posachedwa."

"Ndamva."

"Wamva, koma sukundiyang'ana. Udzu umauyang'ana mpaka kugwada. Ine ndichite kumera ubweya kuti undione?"

"Ubweya ndiye uli nawo kale, Prokopi."

"Ndiye bwera ndi kagalasi kako."

Taya anatsala pang'ono kuseka. Anatunga madzi, natenga nsomba, napita osacheuka.

*

Chigalimoto cha matcheni cha a Zosim, chomwe chimabweretsa ufa, mchere ndi shuga, chinadutsa tsiku lomwe Taya anali kutali kukadula nkhuni. Atabwerako anangopeza ndere zong'ambika ndi fungo la dizilo. Chinali chitapitirira kunyanja.

Mkati mwa chumu amayi ake anali otanganidwa mosadziwika bwino. Ankasuntha ketulo, kuibweza, kuisunthanso. Nsapato zawo zinali zonyowa, ngakhale ndowa zonse zinali zodzaza kuyambira m'mawa.

"Amalume Zosim sanasiye kanthu?"

"Asiya ufa."

"Kanthu kanga, Amayi."

A Agafya anapisa m'thumba, naponya kabokosi ka machesi pa chikopa chogonera.

"Ako. Akuti kachokera kwa wokwawa uja. Mwamuna chaka chonse ali zii, kenako atumiza udzu. Abambo ako, Mulungu ause mzimu wawo, anabwera ndi mphalapala zoyera zitavala mabelu, anthu anatuluka kudzaonerera. Uyu machesi. Ngakhale machesiwo mulibe."

Taya sanamve theka lake. Anatuluka, napita kuseri kwa zileyi, nakhala pansi. Sanatsegule msanga. Anakagwira ndi manja onse awiri, nakanunkhiza, nakaika patsaya. Chaka chathunthu chinali m'menemo. Kenako anakankha ndi chala.

Kaduwa koyera, timasamba tinayi.

Anatulutsa kagalasi. Anatsamiritsa chigongono pabondo. Kagalasi padiso, duwa libwere.

Lobiriwira. Losalala. Ubweya m'mbali mokha.

Anatembenuza tsamba. Anayang'ana lina, ndi lina, mpaka kaphesi. Anapukuta kagalasi ndi malaya, nayambiranso. Ankafuna nyenyezi imodzi yokha. Imodzi ikanakwana. Panalibe. Duwalo linali losafota n'komwe, muzu wake uli ndi kamatope konyowa, koma munthu wosweka mtima saona zimenezo. Amangoona chomwe ankachiopa.

Analira pamenepo mpaka agalu anabwera kudzamununkhiza. Atatha, anapukuta nkhope, nalowa m'chumu, napita pa bokosi la mbale. Anatenga mpango, naufunda m'mapewa.

Mpeni wa a Agafya unaima pachikopa.

"Watani?"

"Munati ndiugwire. Ndaugwira."

"Nanga wa maluwa?"

"Musamutchulenso, Amayi."

A Agafya anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kabokosi, anayasamula kuti anene kanthu. Koma mayiyu anali atagulitsa zikopa pamsika moyo wake wonse, ndipo ankadziwa pofunika kutseka pakamwa. Anatseka.

*

Nkhani inafika pa chumu chomaliza ketulo isanawire. A Lukerya, azakhali ake a Prokopi, anabwera kudzamwa tiyi, namuyeza Taya ndi maso kuyambira kumapazi, namufunsa ngati amatha kusoka nsapato zosalowa madzi. A Agafya anayankha okha, ndipo anawonjezera. Prokopi anayamba kusema chileyi chatsopano, akuimba mluzu.

Taya ankagwira ntchito zake zonse. Ankaphika, ankasoka, ankayankha akafunsidwa. Koma kudambo kuja ankapita choyang'ana m'mwamba, kuopa kuona pansi. Kagalasi anakavula, nakaponya m'thumba la singano. Tsiku lisanathe kanali katabwerera m'khosi. Kumpoto, kukayera, zitunda za Pai-Khoi zinkaoneka zobiriwira motuwa, ndipo iye ankadzipeza ataima, nkhuni m'manja, akuziyang'ana. Ankadzifunsa kuti ndani ameneyo, wa m'tauni, amene wamutengera munthu. Kodi amadziwa kuti Nikandr samwa tiyi wa shuga? Kodi amamumangira magalasi akaduka?

"Sukusangalala," anatero Prokopi tsiku lina, atasiya kusema.

"Ndavomera. Si zomwe unkafuna?"

"Ndi zomwe ndinkafuna. Koma ndimayesa munthu akavomera amamwetulira."

"Mpango unabwera wokha, Prokopi. Kumwetulira sunatumize."

"Ndidikira. Ine kudikira ndimatha, ndipo ndimadikira ndili pompano."

Zimenezo zinamupweteka Taya kwambiri, chifukwa zinali zoona.

*

M'mawa wosamuka unafika. Azimayi anali akugwetsa mahema, kupinda zikopa, kumanga mitengo pazileyi. Amuna ankakusa mphalapala zokoka. Mpango a Agafya anali ataupinda bwinobwino n'kuuika pamwamba pa katundu, poti aliyense auone. Ndi nthawi imeneyo pomwe chigalimoto cha a Zosim chinatulukira chikuchokera kunyanja, chikukhosomola utsi.

"Mkwatibwi!" anafuula a Zosim, akutsika. "Ndamvera kunyanja. Nkhani kuno imathamanga kuposa galimoto yanga. Koma ine ndimayesa ndi wa magalasi uja. Mmene anandichonderera ndi kabokosi kake pachitunda paja! 'Amalume, musakanyowetse. Amalume, musakakhalire.' Ine ndinati muli mphete. Ndinasuzumira. Usandiyang'ane choncho, katundu aliyense ndimasuzumira. Ndipeza kaudzu kochita chuku."

Taya anali atanyamula mphika. Anauika pansi pang'onopang'ono.

"Pachitunda, Amalume?"

"Pachitunda. Ali pomwepo ndi matenti awo."

"Mwati chuku?"

"Kotuwa ngati phulusa. Ndinati kaya kaonongekera m'thumba mwangamu, kaya."

"Amalume, ganizani bwino. Masamba ake anali otani?"

"Otuwa, ndati! Ngati ndevu zangazi. Iwe mwana, wayera chonchi bwanji?"

Taya anali atapita kale. Anawapeza amayi ake akukoka chingwe cha chileyi ndi mano.

"Amayi, duwa la m'kabokosi munaliika kuti?"

"Ndinakupatsa."

"Lomwe linabwera."

A Agafya anamaliza mfundo yawo kaye. Anaiyesa. Kenako analavula ulusi.

"Mu mbaula. Ndinatsegula ndikuyesa muli mphete, kaya ndolo, chinthu choti munthu n'kuonetsa anthu. Ndipeza chinyalala. Ndinapsa mtima, ndinaponya. Kenako ndinati Zosim pakamwa pake m'pobooka, adzakufunsa. Ndiye ndinathamangira kudambo n'kukuthyolera lina. Latsopano, lokongola kuposa lija. Loyera, timasamba tinayi, ndinawerenga. Duwa ndi duwa. Vuto lili pati?"

"Si limodzi, Amayi! Lotuwa limati bwera. Lobiriwira limati usandidikire!"

"Ndiye ine ndikanalota? Amisala inu! Munthu ali ndi pakamwa, ali ndi miyendo iwiri yaitali ngati mitengo ya chumu, koma akulankhula ndi udzu!"

"Koma munaona ndikulira. Munaona ndikutenga mpango. Munakhala chete."

"Ndinakhala chete, eya. Unautenga wekha, sindinakukoleke." Anamuloza ndi chala chopindika. "Iwe ukufuna upite ku Syktyvkar, ukakhale m'nyumba zosanjikizana ngati nsomba mu mbiya. Chumu ichi adzaimika ndani? Ine, ndi mawondo awa? Abambo ako agona m'chidikha muno. Azichimwene ako anathawira kumigodi. Ndatsala ndi iwe. Prokopi akakutenga, ndiziona utsi wako m'mawa uliwonse. Uyo akakutenga, ndizilandira chiyani? Machesi?"

Taya anawayang'ana kumaso. Anali asanawaonepo amayi ake maso ali onyowa, ndipo ngakhale tsopano akanakana, n'kunena kuti ndi utsi.

"Amayi inu ndi mwana wanu," anaitana a Zosim, "ine ndikubwerera njira ya pachitunda, ndipo sindidikira. Mphepo yatembenuka. Anthu a maluwa aja akuti helikopita iwatenga kukangoyera."

"Amayi, bwezani mpango."

"Sindibweza. Ndibweze mwamuna weniweni chifukwa cha ndevu za Zosim? Wa magalasiyo sanandipemphe kanthu. Sanaime pakhomo panga."

"Ndikamutenga. Aime."

A Agafya anafinya maso. Apa tsopano anali pamsika, ndipo pamsika ankapuma bwino.

"Chabwino. Msasa upite. Ine nditsala pano ndi zileyi zanga, ndinena kuti msana wandigwira. Mpango sukwera ulendo. Ukabwera naye, aime apa, avule chipewa, alankhule ngati mwamuna, ndimve chomwe ali nacho kupatula udzu. Ndikakhutira, mpango ndikabweza ndi manja anga. Ukabwera wekha, ukwera nawo chileyi, ndipo mawu akuti duwa sindidzawamvanso mpaka kufa."

"Mundidikire mpaka mtondo."

"Mawa."

"Mkuja, Amayi. Kuchitunda n'kutali."

"Mawa m'mawa."

"Amayi!"

"Mawa madzulo, ndipo ukanenanso ndibwerera ku m'mawa. Gwira dzanja."

Taya anagwira. Atatembenuka, anapeza Prokopi ataima kumbuyo kwake, chingwe m'manja. Anali atamva zonse. Msasa wonse unali utamva zonse.

"Ndibwera mawa madzulo ndi mphalapala kudzakoka zileyi zanu, Amayi," anatero kwa a Agafya. Kenako anayang'ana Taya. "Pita. Sindikugwira. Koma ndikadzakupeza wekha, usadzandichititsenso manyazi kachiwiri. Azakhali anga auza kale anthu mpaka kunyanja."

"Prokopi, pepa."

"Usapepese. Sunapambane."

*

Chigalimoto chinayenda mogwedeza mafupa, kudutsa madambo ndi timitsinje. A Zosim analankhula njira yonse, za mkazi wawo, za injini, za mano awo. Taya ankangoti eya. Dzanja lake linali pachifuwa, pa kagalasi. Ankakonza mawu. Adzayamba n'kumukalipira, chifukwa nzeru ya maluwayi inali yake. Ayi, adzayamba n'kumuona kaye ngati wawonda. Mwina sadzanena kanthu.

Pamene ndere zinayamba kuchepa ndipo miyala inayamba kulira pansi pa matcheni, anaona matenti, ndi kautsi. Kenako anaona chipewa cha mizere yofiira chikutuluka mu tenti.

Analumpha galimoto isanaime.

"Nikandr!"

Chipewa chinatembenuka. Pansi pake panali nkhope ya mkazi. Wokongola, wa tsitsi lalifupi, milomo yong'aluka ndi mphepo. Anamuyang'ana Taya modekha, ngati munthu amene anamva kale za iye mpaka kutopa.

"Ndinu Taya," anatero. "Ine ndine Rimma. Timagwira ntchito limodzi."

"Chipewacho..."

"Ichi? Kuno kumazizira. Ine ndi Nikandr timabwerekana zinthu kuyambira tili kusukulu, zimenezo zisakudabwitseni."

"Ali kuti?"

Apa nkhope ya Rimma inasintha. Anayang'ana kugalimoto, komwe a Zosim okha ndi omwe ankatsika.

"Simunabwere naye? Simunakumane naye panjira?"

"Njira iti?"

"Wakhala akukudikirani pamwala uwo tsiku ndi tsiku. Ntchito yonse inatsalira ine. Dzulo atamva pa wailesi kuti helikopita ikubwera, anati sakwera asanakuoneni. Ananyamula chikwama n'kutsika wapansi, kulowera kumtsinje uja munakhoma msasa chaka chatha. Ndinamuuza kuti msasa wa mphalapala sukhala malo amodzi. Sanandimvere." Anakokera chipewa m'makutu. "Kale ankandimvera."

A Zosim anaimba mluzu wautali.

"Kumtsinje kuja? Kulibe munthu kumeneko chaka chino. Ndi mbali ina yeniyeni. Ndipo kuli zithaphwi zoti zimameza mphalapala ndi nyanga zomwe."

"Tiyeni, Amalume. Tsopano lino."

"Tacheuka, mwana wanga."

Taya anacheuka. Kuchokera kunyanja, chifunga chinali chikukwera, choyera, chokhuthala, chikumeza timitsinje timene anali atangodutsa. Mtsinje wa chaka chatha unali utamezedwa kale. Kwinakwake m'menemo munali munthu wosadziwa chidikha, wamagalasi omanga ndi ulusi, mutu uli pamtunda, akufunafuna utsi pomwe palibe moto.

"Mu chifunga chotere sindiyendetsa," anatero a Zosim, nazimitsa injini. "Ndikhoza kumuponda osamuona."

Taya anapita pamwala uja Rimma analoza. Pansi pake miyala inali yoterereka ndi nsapato za munthu wokhala nthawi yaitali. Pambali, m'mng'alu, panali krupka. Maluwa ake anali atayoyoka, patatsala timakoko ta nthanga. Anagwada, nathyola tsamba, naika kagalasi padiso.

Nyenyezi zonse zinalipo, tsamba lonse mpaka kuphesi, monga ananenera. Munthu yekha ndiye panalibe.

Chifunga chinafika pamapazi ake. Kutali kumunsi, amayi ake anali atakhala pambali pa chileyi chomanga kale, mpango wofiira uli pamwamba, akudikira mawa madzulo. Ndipo a Agafya, chibadwire, anali asanamuikirepo munthu basela, ngakhale la tsiku limodzi.